Chikomekome cha Mkuyu: Mlandu wa Zozokota pa Malupanga Akale a ku Japan

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu udabadwira kumudzi, koma uli ndi mphamvu yoweruza mlandu umene umagawanitsa anthu okonda malupanga akale a ku Japan. Pa malupanga ena a kumeneko pamakhala zozokota, zimene eni ake amazitcha horimono: ngalande yotsata msana wa lupanga, zilembo zopatulika, kapena chinjoka chodzikulunga pa lupanga lina laling'ono. Gulu lina limati zozokotazi zimakometsa lupanga ndi kulikwezera mtengo. Gulu lina limati zimaliipitsa, pakuti chitsulo chabwino sichifuna mkanda. Magulu onse awiri akuthamangira kugamula asanafunse mafunso atatu amene mlandu wonse wagonapo: adazokota ndani, adazokota liti, ndipo ankafuna chiyani? Zozokota zimene zidabadwa pamodzi ndi lupanga n'zoyenera ulemu. Zimene munthu adadza nazo pambuyo kuti abise chilema kapena akope wogula ndi umbava, ngakhale zitakongola chotani.

Wina angadabwe kuti nkhani ya kutali chotere ikufunanji pakati pa miyambi ndi miyambo. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Komanso malupangawa si achilendo kwenikweni, popeza asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland adamenyana ndi Ajapani ku Burma mu 1944, pa nthawi imene akuluakulu a nkhondo a ku Japan ankayenda ndi malupanga m'chiuno.

Kuti mlandu umveke, nkofunika kudziwa kaye m'mene lupanga lotere limabadwira. Chitsulo chake, chotchedwa tamahagane, chimachokera mu mchenga wakuda wosungunulidwa m'ng'anjo yadothi yotchedwa tatara. Ku Okuizumo, m'chigawo cha Shimane, kuli ng'anjo imene idatsitsimutsidwa mu 1977. Moto wake umayaka masiku atatu usana ndi usiku, n'kudya matani pafupifupi 10 a mchenga ndi makala oposa pamenepo. Wosula amatenga chitsulocho, nachipinda ndi kuchisula kakhumi kapena kuposerapo, mpaka pankhope pake pamaoneka timizere tonga ta thabwa lopalidwa bwino. Kawirikawiri amakuta chitsulo chofewa cha m'kati ndi chikopa cha chitsulo cholimba. Kenaka amamata dongo, lochindikala kumsana ndi lopyapyala kukamwa kwa lupanga, naliwotcha, naliviika m'madzi. Kukamwa kumalimba kwambiri, thupi limakhala lofewerapo, ndipo pa malire pake pamatuluka mzere woyera wonga mtambo, umene amautcha hamon. Timizere tija ndi mtambo umenewu ndizo zimene akatswiri amayang'ana maola ambiri atakweza lupanga pa kuwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wozokota amabwera pambuyo pa zonsezi ndi nyundo yaing'ono ndi titchizulo, nadula pa thupi lofewa lija. Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani. Utoto umachoka, chigwiriro chimasinthidwa, chimake chimasemedwa china, koma chitsulo chimene tchizulo yachotsa sichibwerera. Madzi akatayika saoleka.

Tsono amene amati chozokota chilichonse n'chodetsa ayenera kuyankhidwa poyamba, chifukwa mawu awo amamveka anzeru pamene akusonyeza kuti mbiri sadaidziwe. M'nyengo ya Kamakura, kuyambira 1185 mpaka 1333, ndi m'zaka za nkhondo zotsatira, msilikali ankazokotetsa lupanga kuti limupempherere. Zilembo zotchedwa bonji zidachokera ku India pamodzi ndi chipembedzo cha Chibuda, ndipo chilembo chilichonse chimaimira woyera mmodzi. Chinjoka chodzikulunga pa lupanga, kurikara, ndi chizindikiro cha Fudo Myoo, mtetezi amene dzina lake limatanthauza wosagwedezeka. Timizere tiwiri toyendera limodzi, gomabashi, timaimira timitengo togwiritsa ntchito pa mwambo wa moto wa m'kachisi. Ena ankalembetsa dzina la Hachiman, mulungu wa ankhondo. Munthu wopita kumene sadziwa ngati adzabwerako ankanyamula pemphero lake pa chitsulo chimene moyo wake udatsamirapo. Kutcha zimenezi zokongoletsa wamba n'chimodzimodzi kuona mphini pankhope ya gogo n'kumati ndi zipsera. Ndipo n'zochititsa chidwi kuti mawu omwewo akuti horimono Ajapani amatchuliranso zolemba za pakhungu la munthu.

Ngakhale ngalande yayitali ija, bohi, ili ndi ntchito yake. Anthu amakonda kunena kuti ndi njira ya magazi, koma imeneyo ndi nthano. Ngalande imapeputsa lupanga popanda kulilanda mphamvu yambiri, kotero kuti dzanja silitopa msanga.

Masamune, amene ambiri amamuyesa wosula wamkulu koposa onse, adakhala ku Kamakura kumapeto kwa zaka za m'ma 1200 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1300. Pali mipeni yake itatu yotambalala yotchedwa Hocho Masamune, dzina lotanthauza mpeni wa kukhitchini, ndipo yonse itatu boma la Japan lidaiika m'gulu la chuma chapamwamba cha fuko. Umene umasungidwa ku Tokugawa Art Museum mu mzinda wa Nagoya uli ndi chithunzi cha lupanga chobooleratu mpaka kuseri. Wonena kuti chitsulo chabwino sichizokotedwa akauze Ajapani kuti adalakwitsa posankha chuma chawo.

Pali mfundo imodzi imene gululi likunena zoona. Dziko litakhala pa mtendere m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, zozokota zidayamba kukula ndi kudzionetsera. Umetada Myoju wa ku Kyoto, amene adatchuka cha m'ma 1600, ndi Ikkanshi Tadatsuna wa ku Osaka, wa cha m'ma 1700, adazokota zinjoka za mamba owerengeka limodzilimodzi. Chinjoka chachikulu chimadyadi malo amene diso likadaonapo timizere ta chitsulo. Komabe amisiri amenewa ankasula lupanga akudziwa kale pamene chinjoka chidzagone, naliumba mulifupi ndi kuchindikala kolingana ndi katundu amene lidzasenze. Tadatsuna ankachita kulemba pa msuka, chitsulo chija chimalowa m'chigwiriro, kuti wosula ndi wozokota ndi munthu mmodzi. Gassan Sadakazu wa ku Osaka, amene adabadwa mu 1836 namwalira mu 1918, adapitiriza luso lomweli, ndipo mu 1906 adasankhidwa kukhala mmisiri wa kunyumba ya mfumu. Munthu ali ndi ufulu wokonda lupanga losalala koposa lozokotedwa, monga wina akonda nsima ya mgaiwa wina yoyera, koma alibe chifukwa chonenera kuti amisiriwa adaononga ntchito ya manja awo.

Mdani weniweni ndi chimene Ajapani amachitcha atobori, kutanthauza chozokotedwa pambuyo. Lupanga likanoledwa limataya kachitsulo pang'ono, ndipo likanoledwa mibadwo yambiri chikopa chija chimapyapyala. Pamenepo zilema zobisika zimatulukira: ming'alu yaing'ono pamene zopinda sizidagwirane, matuza a mpweya, kapena chitsulo chotuwa cha m'kati. Wamalonda wosaona mtima amatenga lupanga lotere, naitana wozokota kuti agonekepo chinjoka kapena atsegulepo ngalande pamene pali chilemacho. Wogula wosadziwa amaona mamba ndi zikhadabo, namasula chikwama. Uwu ndiwo mkuyu wofiira uja. Choipa chake n'chapawiri, pakuti wogula wanamizidwa, ndipo wosula amene adagona kalekale wayankhulitsidwa mawu amene sadanene. Ndalama ya wogula ikhoza kubwezedwa, koma lupanga la zaka 600 lalemala kosatha.

Mwayi wake bodza lili ndi mapazi. Chozokota chakale chimakalamba limodzi ndi lupanga: mamba a chinjoka amafufutika, zilembo zimasanduka zosaya, chifukwa mwala wonolera sudasankhe podutsa. Lupanga lotopa lokhala ndi chinjoka chakuthwa ngati cha dzulo n'lokayikitsa. Malupanga ambiri akale adafupikitsidwa podula kumsuka, motero ngalande yoyambirira imapitirira mpaka kukalowa m'chigwiriro, pamene yowonjezera imakonda kuthera bwinobwino pa muyeso wa lero. Akatswiri amaonanso ngati chithunzi chakhala pamalo pake kapena chapatukira kumbali kukatsata chilema, ndi ngati banja la osula limenelo linkazokota zotere. Chozokota chofufutika, chimene wosadziwa amachinyoza, ndicho mboni ya zaka za lupanga. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Oikira kumbuyo zowonjezera ali ndi mboni imodzi yamphamvu. Ku Nagoya komweko kuli mpeni wina wa Masamune, wotchedwa Fudo Masamune chifukwa cha chithunzi cha Fudo chimene chilipo, ndipo kaundula wa malupanga otchuka wa mu 1719 amanena kuti chithunzicho adachizokota ndi munthu wina pambuyo pake. Mpeniwo ndi wolemekezeka mpaka lero, tsono vuto lili pati? Yankho n'lakuti ulemu wake wagona pa chitsulo cha Masamune ndi pa dzina lake lolembedwa pa msuka, limene limapezeka pa malupanga ochepa kwambiri. Chowonjezeracho sichidabisidwe, chidalembedwa poyera, ndipo nachonso chakhala zaka mazana mpaka kusanduka mbali ya mbiri ya mpeniwo. Kukhululukira chimene chidachitika kale sikupereka chilolezo choti chichitikenso. Lamulo la ku Japan la mu 1950 loteteza chuma cha chikhalidwe sililola munthu kusintha chinthu chotere popanda chilolezo cha boma.

Ajapani adaphunzira kusamala kumeneku atalawa kutaya. Mu 1876 boma lidaletsa anthu wamba ndi asamurai kuyenda ndi malupanga, osula ambiri nasiya ntchito. Nkhondo itatha mu 1945, asilikali opambana adalanda malupanga ochuluka. Ena adaonongedwa, ena adawoloka nyanja. Mu 1948 kudakhazikitsidwa bungwe la NBTHK loteteza malupanga aluso, limene limawayesa ndi kupereka zikalata, ndipo lili ndi nyumba yoonetsera malupanga ku Tokyo. Malupanga akale sawonjezekanso. Lililonse limene tchizulo ya wamalonda yalikhudza lachoka m'nkhokwe imene sidzadzazidwanso.

Choncho chigamulo n'chomveka. Chozokota cha wosula mwini, kapena cha mmisiri amene adagwira naye ntchito lupanga lisanatuluke m'chipala, chimakometsa, ndipo chisungidwe ngakhale chitafufutika. Lupanga lobadwa losalala likhale losalala. Lokhala ndi chilema ligulitsidwe ndi chilema chake poyera, pa mtengo wa chilemacho.

Mdzukulu amene sadzagwirapo lupanga la ku Japan asaganize kuti mlanduwu wamulambalala. Tsiku lina adzalandira mpando wa agogo wodyeka miyendo, nkhwangwa yosulidwa pamudzi, mtondo wong'aluka mlomo, kapena chithunzi chotuwa cha ukwati wa makolo. Padzabwera wina womuuza kuti apake utoto wonyezimira, aseme maluwa, akonze kuti chioneke chamakono. Asanavomere, adzifunse mafunso atatu aja, ndipo akumbuke kuti iye ndi msungi chabe, wolandira kwa amene adapita kuti akapereke kwa amene sanabadwe. Chimene angachite mosalakwa ndi kupukuta fumbi, kuteteza ku chiswe ndi dzimbiri, ndi kulemba pa pepala dzina la amene adachipanga. Mawu a akulu akoma akagonera.