Diso Si Poto Woti N'kukwecha

Pali nkhani zimene tonse mu mpingo timazidziwa, koma sizifika pa ndandanda wa zokambirana za Sabata masana. Imodzi mwa izo ndi ya mascara, makamaka uja wosachoka ndi madzi amene pabotolo pake amalemba kuti waterproof. Atsikana a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona amamudziwa bwino, ndipo ena mwa iwo ndi anzathu a m'kwaya, a mu AY, ngakhalenso ophunzira anzathu pakoleji pano. Ife tikuona kuti kukhala chete pa nkhaniyi kukupweteketsa maso a ana a mpingo, ndipo nthawi yakwana yoti tiziphunzitsana poyera kachotsedwe kake koyenera.

Chifukwa chimene mascarayu amakondedwera n'chosabisika. Operekeza akwati amafuna kuti nkhope ikhale momwemo kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani atatha. Kutentha kwa mu Okutobala, thukuta la m'minibasi, misozi ya paukwati ndi mvula ya mu Disembala zimasungunula mascara wamba n'kusiya mizere yakuda m'masaya. Wosachoka ndi madziyu amapirira zonsezi, ndipo m'misika ya m'makwalala athu amapezeka pa mtengo woti mwana wasukulu akhoza kukwanitsa.

Vuto limabwera madzulo. Mtsikana amene akudziwa kuti kunyumba zodziphoda saloleza amafuna kufufuta zonse asanafike pakhomo, kapena Lachisanu dzuwa lisanalowe. Alibe womufunsa, choncho amagwira chimene chili pafupi: sopo wochapira zovala, chinkhupule, kansalu kokhakhala. Amakwecha ngati akutsuka poto wa nsima yopserera. Zikakanika amazula zotsalira ndi zikhadabo, nsidze n'kumazukira limodzi. Ena amafika poyesa sipiliti, parafini kapena mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, zinthu zimene zingathe kuwotcha galasi la diso. M'mawa mwake maso ali psuu, zikope zatupa, ndipo akafunsidwa amangoti ndi fumbi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti yankho lake tinaliphunzira kale m'kalasi ya Chemistry kusekondale. Mascara wotereyu amapangidwa ndi phula, silicone ndi utoto wakuda, zosungunulidwa m'mankhwala amene amauma msanga n'kusiya kachikopa kopyapyala kokuta nsidze iliyonse. Madzi sagwirizana ndi phula, amangotsetsereka. Chimene chimasungunula zamafuta ndi mafuta anzake. Amakaniko a m'magalaja a ku Biwi amadziwa kuti girisi sachoka m'manja ndi madzi okha. Kusiyana kwake n'kwakuti diso limafuna mafuta ofatsa: Vaseline amene ali pafupifupi m'nyumba iliyonse, mafuta a olive, a kokonati, kapena mankhwala ochotsera zodziphoda za m'maso aja okhala ndi mafuta pamwamba, madzi pansi, amene amafunika kukhutchumula kaye.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Sambani m'manja ndi sopo. Tengani thonje loyera, liviikeni pang'ono m'mafuta, tsinzinani, ndipo liikeni pachikope kwa theka la mphindi kapena mphindi yathunthu osaligwedeza. Apa ndi pamene ambiri amalephera, chifukwa amafulumira. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Phula lija likafewa, pukutani mofatsa kuchokera m'mwamba kupita m'munsi, motsata mmene nsidze zinamerera, osati uku ndi uku. Diso lililonse likhale ndi thonje lake. Ngati kwatsalira zakuda, bwerezani ndi thonje lina m'malo mowonjezera mphamvu. Pomaliza sukusulani ndi sopo wosambira ndi madzi aukhondo kuti mafuta asatsalire m'zikope. Kwa amene amagula madzi pakiyosiki ku Chinsapo kapena ku Mgona, njirayi imapulumutsanso ndowa, chifukwa kapu imodzi ndi yokwanira.

Kuchotsa mosavuta kumayambira pa kupaka. Kupaka kamodzi mopyapyala kumachoka msanga kusiyana ndi kusanjikiza katatu. Kuyamba ndi mascara wamba, wosachoka ndi madziyo n'kubwera pamwamba, kumathandiza kuti asakanirire pansidze. Si wa tsiku ndi tsiku, ndipo si wogona naye, pakuti nsidze zouma gwa zimathyoka popakasa nkhope papilo, ndipo tizidutswa timagwera m'diso. Botolo likatha miyezi itatu chitsekulireni, litayeni, chifukwa kaburashi kamene kamalowa ndi kutuluka kamasonkhanitsa tizilombo. Akauma, musathiremo madzi kapena malovu. Ndipo musabwerekane. Tonse tikukumbukira matenda a maso ofiira amene anabuka ku Karonga kumayambiriro kwa 2024 n'kufalikira m'maboma ambiri. Taganizirani kaburashi kamodzi koyenda m'maso mwa operekeza akwati asanu ndi atatu m'mawa umodzi.

Pogula napo pafunika maso. Botolo lopanda dzina la kampani, lopanda mndandanda wa zimene zasakanizidwamo, kapena lakhala likuphikidwa padzuwa pabenchi, lisiyeni pomwepo. Mu 1933 ku America, utoto wa nsidze wotchedwa Lash Lure unapweteka amayi angapo, ena mpaka kuchita khungu, ndipo nkhaniyi inathandiza kuti dzikolo likhazikitse lamulo loyang'anira zodzoladzola mu 1938. Kuno tili ndi Malawi Bureau of Standards, koma sangaime pa benchi iliyonse ya mumsika. Mlonda woyamba ndi wogulayo.

Tikudziwa chimene akuluakulu athu anganene: kuphunzitsa kachotsedwe n'chimodzimodzi kuvomereza kupaka. Nkhawa imeneyi ndi yomveka ndipo sitikuinyoza. Mpingo wathu umaphunzitsa kudzichepetsa m'mavalidwe ndi m'maonekedwe, ndipo makalata a 1 Petro 3 ndi 1 Timoteo 2 amatiloza ku kukongola kwa khalidwe. Sitikupempha kuti chiphunzitsochi chisinthe. Ndipotu njira yosavuta koposa yochotsera mascara ndi kusamupaka. Koma mwa zikhulupiriro zathu 28, cha nambala 22, chonena za khalidwe la Mkhristu, chimaika pamodzi zinthu ziwiri: maonekedwe odzichepetsa ndi kusamalira thupi mwanzeru monga kachisi wa Mzimu Woyera. Sitingagwire chimodzi n'kutaya chinzake. Mtsikana amene sanafike pomvetsa choyambacho akadali mwini maso awiri amene Mulungu anamupatsa, ndipo kumusiya kuti awapweteke kumbali sikumubweretsa pafupi ndi mpingo.

Mbiri yathu yomwe ikutichitira umboni. Mishoni ya Malamulo, imene inayamba mu 1902 ku Thyolo, inadziwika ndi kusamalira akhate pa nthawi imene anthu ambiri ankawathawa. Uthenga wa zaumoyo umayamba ndi kuthandiza munthu pamene ali, kenako kuphunzitsa. Timakamba za shuga, mchere, fodya ndi mowa m'misonkhano ya misasa popanda wina kuganiza kuti tikuzilimbikitsa. N'chifukwa chiyani pa zodziphoda timangoti n'zoletsedwa, basi n'kutseka nkhani? Chete sautsa nyama.

Nsidze si zokongoletsa chabe. Zimatchinga fumbi ndi zitsotso, ndipo aliyense amene anayendapo m'misewu ya ku Area 25 mu Ogasiti akudziwa ntchito yake. Zikazuka zimatenga milungu yambiri kuti zimerenso. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linatsimikiza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, nthenda imene imapindira nsidze m'kati mpaka kukanda diso, ndipo imodzi mwa njira zimene zinathandiza inali kusukusula nkhope mwaukhondo. Dziko limene linamenya nkhondo yotereyi lisalole kuti maso a achinyamata aonongeke chifukwa cha kabotolo kakang'ono ndi manyazi.

Pempho lathu likupita kwa a Utumiki wa Amayi, a Dorika, a dipatimenti ya zaumoyo ndi atsogoleri a AY m'mipingo ya m'makwalala a Lilongwe. Patulani masana amodzi, itanani namwino wa mumpingo mwanu, ndipo kambani za chisamaliro cha maso momasuka, mopanda kuloza chala. Amayi, mwana akabwera ndi maso ofiira, yambani ndi kufunsa chimene chalowamo, kudzudzula kubwere pambuyo. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi, posachedwa tidzaima pamaso pa atsikana a Fomu 3 ndi Fomu 4. Phunziro la madzi ndi mafuta ndi mpata wabwino wonenera zimenezi.

Ndipo kwa iwe mchemwali amene diso likuwawa, likutuluka manthongo, likuopa kuwala kapena likuona mwachimbuuzi, usathiremo shuga, mkaka wa m'mawere kapena zitsamba. Ngati mwalowa mankhwala, tsuka ndi madzi aukhondo ambiri kwa mphindi zingapo, kenako thamangira kuchipatala tsiku lomwelo: cha ku Kawale, cha ku Area 25, ku Bwaila, kapena kuchipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central. Uza adokotala zoona zake za chimene unapaka ndi chimene unachotsera, chifukwa thandizo loyenera limadalira pamenepo. Manyazi amatha pakapita masiku, koma diso likafa silimeranso.