Mowa wa Utsi wa ku Bamberg

Mu mzinda wa Bamberg, m'dziko la Germany, muli mowa wotchedwa Rauchbier, ndiko kunena kuti mowa wa utsi. Chimera chake cha barele amachiumitsa pa moto wa nkhuni za mtengo wa beech, kotero kuti utsi umalowerera m'njere. Kale m'maiko ozizira mowa wambiri unkanunkhira chomwecho, popeza dzuwa loyanikira chimera linali losowa. Pamene ng'anjo zopanda utsi zinafala m'zaka za m'ma 1800, ofulula ambiri anataya njira yakaleyo. Koma nyumba ziwiri, Schlenkerla ndi Spezial, zaisunga kufikira lero.

Mlendo akaulawa koyamba amachita tsinya, nati ukumveka ngati nyama yowamba. Eni mudzi amamuyankha kuti kukoma kwake kumadziwika pa chikho chachitatu. Mauwa sakulimbikitsa uchidakwa ai. Akuphunzitsa kuti lilime limachedwa kuzolowera chachilendo. Utsi ukazirala m'kamwa, m'pamene kutsekemera kwa chimera kumatulukira.

Wophunzira amene amanyoza luso la makolo atangolilawa kamodzi akuweruza mlandu asanamve mboni. Anthu a ku Bamberg akadatero, mowawu ukadaiwalika kalekale. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.