Phala la ku Katondo musalinyoze

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye." Mwambiwu ndi wosavuta kuutchula pa guwa. Kuugwiritsa ntchito ku Katondo, m'tauni ya Kabwe, ndiye pamafunika nzeru, chifukwa ana a kumeneko ali ndi adani awiri, njala ndi dothi limene amaseweramo.

Mgodi wa mtovu ndi zinki umene unakuza tauniyi, ikadali kutchedwa Broken Hill, unatsekedwa mu 1994. Ntchito zinatha, koma mtovu unatsala m'fumbi, ndipo ngalande yochokera kumgodiko imadutsa ku Chowa ndi ku Katondo. Mvula ikakula imasefukira m'makomo mwa anthu.

Masiku ano kwabwera kachitidwe konyoza mipingo imene imaphikira ana phala. Akuti kugawa chakudya kumalemaza, anthu aphunzitsidwe kudzidalira. Mawu otere amakoma pamsonkhano wa mu hotela ku Lusaka. Koma a zaumoyo amatiuza kuti mwana wa m'mimba mopanda kanthu, wosowa ayironi ndi kashiamu, thupi lake limayamwa mtovu wochuluka kuposa mwana wokhuta. Mtovuwo ukalowa umawononga ubongo, ndipo chowonongekacho sichibwerera. Choncho amayi a chigwirizano ndi a m'miphakati akamatsira nsinjiro m'phala, kapena kugula kapenta ndi ndalama za chopereka, akuteteza mutu wa mwana amene mawa adzafunika kukhoza mayeso. Asawachititse manyazi munthu.

Pamene ndimatsutsana ndi mipingo yathu ndi pena. Malangizo amene timapatsa wosauka aliyense ndi akuti alime dimba kuseri kwa nyumba. Ku Chipata ndi nzeru yabwino. Pafupi ndi ngalande ija, repu ndi chibwabwa zikhoza kubweretsa mtovu womwewo m'mbale, pokhapokha dothi litachokera kwina. Thandizo losafunsa kaye eni malo limapweteka ngakhale woperekayo ali ndi mtima wabwino.

Tayang'ananinso mabwalo a matchalitchi ambiri. Ndi pafumbi pokhapokha, ndipo ana a Sande sukulu amakhala pomwepo, zala m'kamwa. Ndalama zogulira zokuzira mawu zimapezeka msanga (zina zimamveka mpaka kumsika), koma za kapinga kapena njerwa zoyala pansi zimasowa. Ansembe a Don Bosco ku Makululu aonetsa kuti mpingo ungathe kukhala pakati pa osauka zaka zambiri, ndi sukulu komanso malo osungira ana a m'misewu. Kudzala udzu pabwalo sikungakanike.

Chatsala ndi pakamwa. Mu 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana a ku Kabwe pafupifupi 140,000, kutsutsa kampani ya Anglo American South Africa pa nkhani ya mtovu wa kumgodi uja. Mu December 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu, ndipo odandaula anachita apilo. Milandu yotere imatenga zaka, mwana sadikira. Mbewa ya manyazi inafera kuuna: dziko lathu, limene pulezidenti wakale a Chiluba analitcha lachikhristu mu 1991, lili ndi abusa okwanira kufunsa khonsolo, mokweza, tsiku limene ngalandeyo idzakonzedwe kotheratu. Pa zolengeza za Lamlungu, pambali pa maliro ndi maukwati, alembi a mpingo azikumbutsanso makolo kupita ndi ana kuchipatala kukayezetsa magazi.