Miyendo ikayamba kudandaula pa kilomita yachitatu

Amayi anzanga, mipikisano yothamanga mumsewu mtunda waufupi, makilomita 5 kapena 10, si ya anyamata okha ayi. M'chaka cha 2004 anthu 13 adakumana ku Bushy Park mumzinda wa London nathamanga makilomita 5 Loweruka m'mawa. Mwambo umenewu, wotchedwa parkrun, udafika ku Johannesburg mu 2011, ndipo mwa othamangawo muli amayi apabanja ngakhalenso agogo.

Mtunda waufupi uli ndi msampha wake. Popeza ngwaufupi, munthu amauthamanga mofulumira, motero phuma limamupeza msanga. Pa 31 Disembala 2024, Beatrice Chebet wa ku Kenya adamaliza makilomita 5 mumsewu wa ku Barcelona pa mphindi 13 ndi masekondi 54, nakhala mkazi woyamba kutha mtundawu mphindi 14 zisanakwane. Inu mwina mudzatenga mphindi 40, koma musaganize kuti katswiriyo samva kuwawa. Amamva ndithu. Chimene adaphunzira ndicho kukhala nako kuwawako osatekeseka.

Kilomita yoyamba imakoma, anthu akuimba nthungululu m'mbali mwa msewu. Yachiwiri imapiririka. Koma pa yachitatu, poyambira patatalika ndipo pomalizira pasanaoneke, mpweya umaperewera, miyendo imalemera ngati mwaponda m'matope a kudimba, ndipo kamawu kamanong'ona mumtima kuti, "Imani amayi, mukudzizunziranji?" Dziwani kuti ubongo umachenjeza munthu mphamvu zisanatheretu. Umboni wake ngwakuti yemwe anali wefuwefu uja, akangoona pomalizira, amaliyatsa liwiro lomwe sankadziwa kuti ali nalo. Mphamvuzo zinalipo, unayamba kugonja ndi mtima. Tsono mtima nawo uyenera kuphunzitsidwa monga momwe timaphunzitsira miyendo.

Choyamba, musatengeke ndi chikhamu poyambira. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Yambani ndi liwiro loti mungathe kuyankha mnzanu mawu awiri atatu, ndipo amene akupitirirani ngati mphepo ambiri mudzawapeza akuyenda kutsogoloko.

Chachiwiri, mtunda muziuduladula. Popalira simuyang'ana munda wonse, mumayang'ana mzere umene muli nawo. Momwemonso dziuzeni kuti, "Ndifike pamtengo wa mango uwo." Mukafika, sankhani mjigo kapena sitolo ili patsogolo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachitatu, phuma lizoloweredwe kunyumba, lisakhale mlendo patsiku la mpikisano. Thamangani katatu pa sabata. Tsiku limodzi mwa atatuwo, thupi likatenthedwa, thamangani mwamphamvu mphindi 2, yendani mphindi 2, ndipo bwerezani kasanu. Potero mudzadziwa kuti wefuwefu amabwera ndipo amapita. Mukamva kubaya m'nthiti, chepetsani liwiro, pumani mozama, kawirikawiri kumaleka kokha.

Chachinayi, pezani mnzanu. Mtolo wa nkhuni umapepuka mukamayenda awiri, ndipo nkovuta kugona tulo tam'mawa mnzanu akuodira pakhomo. Bambo a kunyumba muwafotokozere bwino cholinga chanu, ndipo ngati nkotheka apite nawo, pakuti nawonso thupi lawo lifuna zomwezo.

Komatu apa mumvetsetse. Ife akazi tidalangizidwa kupirira kuyambira kuchinamwali mpaka tsiku la ukwati, ndipo ena tidafika poyesa kuti kudandaula kulikonse nkufooka. Si choncho. Pali kutopa koyenera kukupirira, palinso ululu umene uli chenjezo. Kupuma mwabefu, thukuta ndi kulemera kwa miyendo, zimenezo piriranani nazo. Koma mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, mdima m'maso, mseru ndi litsipa padzuwa lotentha, kapena ululu wobaya pabondo kapena pakakolo wokutsimphinitsani, imani pomwepo ndipo pemphani thandizo. Palibe mendulo yoposa moyo wa mayi amene ana akumudikira kunyumba. Kuima pa nthawi yotere ndi nzeru, si mantha.

Inu amene muli ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena a mtima, inu oyembekezera ndi inu amene mwachira kumene, yambani mwafunsa kuchipatala. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala thamangani m'mamawa dzuwa lisanakwere, mutamwa madzi, ndipo nsapato zikhale zokukwanani bwino. Pamsewu wopanda malo a oyenda pansi, yang'anizanani ndi magalimoto akubwera.

Mayi amene wadutsa kilomita yachitatu osagonja amabwerera kunyumba akudziwa chinthu chimene sadzalandidwa ndi munthu: kuti kamawu kouza munthu kuti sangathe sikanena zoona nthawi zonse. Amadziwanso kusiyanitsa chopirira ndi chosayenera kupirira, ndipo nzeru imeneyo imagwira ntchito ngakhale kutali ndi msewu. Tsono Loweruka likudzali dzukani mbandakucha, itanani mnzanu, muyambe ndi kilomita imodzi yokha. Inayi yotsalayo idzabwera pa nthawi yake.