Mpikisano umodzi, matikiti awiri: mtolo wa osewera skiing osaona

Chaka cha 2026 chikukwanitsa zaka 50 chiyambireni masewero a Paralympic a m'nyengo yozizira. Oyamba adachitikira m'tauni ya Örnsköldsvik ku Sweden mu 1976, ndipo a 2026 adawaika ku Milan ndi Cortina d'Ampezzo m'dziko la Italy, kuyambira pa 6 mpaka 15 Malichi. Anthu osaona akhala akupikisana nawo kuchokera pachiyambi, makamaka pa skiing, masewero otsetsereka pa chipale chofewa atamangirira timatabwa titalititali kumapazi. Komabe nkhani ya ndalama siidathe: wosewera wosaona amalembedwa ngati munthu mmodzi, pomwe zolipira zake ndi za anthu awiri.

Gwero la vutoli ndi momwe masewerowa amachitikira. Wosewera yemwe saona, kapena amaona pang'ono, satsika phiri yekha. Patsogolo pake pamakhala womulondolera, ndipo awiriwa amalankhulana kudzera pa tizipangizo tomwe amatiika m'zipewa zawo zodzitetezera. Wapatsogoloyo ndiye amanena pokhotera, potsetsereka kwambiri ndi pofunika kuchepetsa liwiro. Pa mpikisano wa downhill liwiro limatha kupitirira makilomita 100 pa ola, choncho mawu amodzi ochedwa akhoza kugonetsa munthu m'chipatala. N'chifukwa chake akapambana, onse awiri amalandira mendulo.

Tanthauzo lake pa thumba n'lodziwikiratu. Tikiti ya ndege, chipinda chogona, chakudya, inshuwalansi ndi chiphaso chokwerera phiri, zonse zimagulidwa kawiri. Zipangizo nazo n'chimodzimodzi, ndipo mtundu uliwonse wa mpikisano umafuna timatabwa takutake: ta slalom n'tatifupi, ta downhill n'tatitali. Kuti munthu ayenerere kupita ku Paralympic amafunika mapointi, omwe amapezeka popikisana m'maiko osiyanasiyana. Chipale chikasungunuka ku Ulaya, matimu amakachita zokonzekera m'mapiri aatali kwambiri momwe sichitha, kapena kuuluka ulendo wa ku Chile ngakhale New Zealand.

Koma chodula kuposa zonse ndi nthawi ya wolondolerayo. Ayenera kukhala katswiri woti atha kuthamanga patsogolo pa mnzake uku akucheuka ndi kulankhula. Kukhulupirirana kwa awiriwa kumatenga miyezi, mwinanso zaka. Munthu wotere amasiya ntchito kapena sukulu kwa theka la chaka, ndipo akachoka chifukwa chosowa malipiro, wosewerayo amayambiranso pachiyambi ndi munthu wina.

Mndandanda wa opambana ukuonetsa yemwe wakhala akusenza mtolowu. Brian McKeever wa ku Canada, yemwe adapata mendulo 20, mwa izo 16 zagolide, pakati pa 2002 ndi 2022, adayamba ndi mkulu wake Robin ngati womulondolera. Danelle Umstead wa ku America ankalondoleredwa ndi mwamuna wake Rob. Ku Beijing mu 2022, Neil Simpson wa ku Britain adapata golide akutsatira m'bale wake Andrew, pomwe Veronika Aigner wa ku Austria ankatsatira mchemwali wake Elisabeth. N'zoona kuti abale amamvana msanga, koma n'zoonanso kuti m'bale amapirira popanda malipiro pomwe mlendo sangapirire.

Komwe kudalibe m'bale, nthawi zina asilikali ndiwo adatseka mpatawo. Jennifer Kehoe, yemwe adalondolera Menna Fitzpatrick pomwe adapata mendulo zinayi ku Pyeongchang mu 2018, adali msilikali wa gulu lankhondo la Britain. Brett Wild, womulondolera Millie Knight, adali wa gulu lankhondo la pamadzi. Ili ndi thandizo lenileni, koma silioneka m'mabuku a bungwe la masewero. Mwana wosaona yemwe alibe m'bale wodziwa skiing, kapena bwana wololera kumasula wantchito wake, amatsala panjira ngakhale luso ali nalo.

Dziko la Britain ndi chitsanzo chabwino cha ubwino ndi kuipa kwa thandizo la boma. Kuyambira mu 1997, bungwe la UK Sport limagawa ndalama za lotale ya dzikolo kwa osewera, potengera kwambiri chiyembekezo cha mendulo. Mu 2014 ku Sochi, Kelly Gallagher ndi womulondolera Charlotte Evans adapatsa Britain golide woyamba m'mbiri ya masewerowa, ndipo Jade Etherington ndi Caroline Powell adabwerako ndi mendulo zinayi. Chipambanochi chidatsegula thumba, ndipo osewera osaona ndiwo adapitiriza kubweretsa mendulo zambiri za dzikolo mu 2018 ndi 2022.

Mbali ina ya ndondomekoyi idaoneka mu 2022, pomwe UK Sport idachotsa thandizo ku nthambi zitatu za bungwe la GB Snowsport, kuphatikizapo ya anthu aulumali opikisana pa mtunda wautali. Apa ndi pomwe pali msampha: ndalama zimalondola mendulo, chikhalirecho mendulo siyibwera popanda ndalama. Wosewera amathandizidwa akafika pamwamba, koma zaka zokwera chitundacho, zomwe amalipirira anthu awiri, amadalira makolo, mabungwe achifundo ndi zopemphetsa pa intaneti.

Oikira kumbuyo ndondomekoyi ali ndi mfundo yawo. Ndalama za anthu n'zochepa, masewero ndi ambiri, ndipo skiing ndi yodula pomwe oichita ndi owerengeka. N'kovuta kuuza okhoma msonkho kuti alipirire anthu awiri ulendo wa ku mapiri a Alps popanda chooneka. Koma walira mvula walira matope. Dziko lomwe limaimika mbendera wosewera wosaona akapambana liyenera kuvomerezanso kuti chipambanocho chidayamba zaka zambiri m'mbuyo, munthu wachiwiri ali patsogolo. China idaonetsa mphamvu ya kukonzekera: isadafike 2022 idali ndi mendulo imodzi yokha ya masewerowa, koma itachititsa mpikisano kwawo idapata 61.

Maiko ena ayesa kukonza zinthu kudzera m'mphoto. Mu 2018, komiti ya Olympic ya ku America idalinganiza mphoto za osewera aulumali ndi za anzawo, kotero kuti golide amabweretsa madola 37,500. Canada idalengeza mu 2024 kuti iyamba kupereka madola 20,000 a dzikolo pa golide. Uku n'kuchita chilungamo, koma mphoto imafika kumapeto kwa ulendo, ndipo imafikira ochepa. Siyigula tikiti ya mtsikana wa zaka 15 yemwe akufuna mapointi ake oyamba.

Kusinthanso kwina kudachitika mu Julayi 2022, pomwe bungwe la FIS, loyendetsa skiing padziko lonse, lidatenga udindo woyang'anira mipikisano ya aulumali kuchoka ku International Paralympic Committee. Chiyembekezo n'chakuti kukhala pansi pa denga limodzi ndi akatswiri otchuka kukopa makampani ndi nyumba zoulutsira mawu. Muyeso wake weniweni udzakhala woti ndalamazo zikufika kwa wolondolera kapena ayi.

Nkhaniyi si yachilendo ku Africa. Tofiri Kibuuka, wosewera wosaona, adaimira Uganda pa skiing mu 1976 ndi 1980, zomwe zidatheka chifukwa ankakhala ku Norway. Malawi ilibe chipale, koma vuto la thumba ikulidziwa: idalephera kutumiza othamanga ake ku London mu 2012 chifukwa chosowa ndalama, ndipo idadikira mpaka 2016 pomwe Taonere Banda, yemwe ali ndi vuto la kuona, adakhala woyamba kuimira dziko lino ku Rio de Janeiro.

Njira yothetsera vutoli siyofuna nzeru zakuya. Mabungwe ayenera kulemba wolondolera ngati wosewera wathunthu mu bajeti, wokhala ndi malipiro, inshuwalansi ndi mgwirizano wa zaka zinayi zonse, ndipo gawo la ndalama lizipita kwa achinyamata omwe sadapate mendulo. Makampani othandiza nawonso azisaina ndi awiriwo pamodzi. Zikapanda kutero, mpikisano wa osaona udzapitirira kusankha opambana, osati potengera luso lokha, koma potengera yemwe adabadwira m'banja lokhoza kupereka mwana wachiwiri ku phiri.