Mimba isanaoneke, ndani akugula botolo?

Tonse tidziwa kudzudzula mkazi wa mimba yaikulu tikamupeza pa bala. Timuloza chala, nkhani ifika mpaka ku Shikoswe. Koma pamenepo tachedwa kale. Mtima, ubongo ndi nkhope ya mwana zimayamba kuumbika pakati pa sabata la 3 ndi la 8, mtsikana akali kuganiza kuti mwezi wachedwa chabe. Masabata amenewo ndife timakhala naye Lachisanu usiku, ndipo ndife timamugulira.

Mowa ukalowa m'magazi a mayi umafika kwa mwana kudzera pamchombo, chiwindi chake chisanakhwime kuti chiuchotse. Mu 1973 madokotala anapatsa vutoli dzina lakuti fetal alcohol syndrome: mwana amabadwa wochepa, mutu waung'ono, mlomo wam'mwamba wopyapyala. Koma ambiri alibe chizindikiro pankhope. Timawadziwira ku Grade 2, aphunzitsi akayamba kudandaula kuti uyu samva, aiwala msanga, sakhala pansi. Amakwapulidwa chifukwa cha ubongo umene unavulala asanabadwe, ndipo bala limenelo silipola. Mayi nayenso angapite padera kapena kubereka masiku asanakwane.

Mu 2012, a Nkandu Luo ali nduna, boma linaletsa tujilijili. Tinaomba m'manja, mowa uja n'kusamukira m'tumabotolo twa junta. Chamba, fodya ndi mankhwala a chifuwa a codeine nazonso zimafika kwa mwana. Ndipo tileke bodza lija lakuti Chibuku ndi chakudya. Palibe mlingo wa mowa umene madokotala anaupeza kuti ndi wabwino kwa wapakati, kaya wa m'katoni kaya wa m'botolo lodula.

Manje anyamata, apa ndi pathu. Ngati mugona osadziteteza, mimba ingakhalepo kale. Mwezi ukadumpha, gulani kopimira mimba m'malo mwa raundi ina. Akasiya kumwa, siyani naye. N'kovuta kugwira Fanta pamene bambo wa mwana akutsegula Mosi yachinayi.

Mnzathu amene amamwa kwambiri tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa angayambe kunjenjemera ngakhale kukomoka. Tisamuseke, pakuti wosekedwa amabisala. Timuperekeze ku antenatal pa kiliniki ya Nangongwe kapena ku Kafue General Hospital, akauze anamwino zoona: amamwa chiyani, kangati, kuyambira liti.