GALU WANJALA SALONDA PAKHOMO

Munthu wodutsa m'mamawa pamsika wa Ndirande kapena wa Bangwe amapeza agalu akufukula padzala, nthiti zili poyera. Ambiri mwa agalu amenewa ali ndi eni ake. Chawachotsa pakhomo ndi njala. Pali chikhulupiriro chofala, m'tauni ndi kumudzi komwe, chakuti galu akamanidwa chakudya ndiye amalusa ndi kulonda bwino. Chikhulupiriro chimenechi n'cholakwika, ndipo amene amapwetekeka nacho kwambiri ndi ana.

Galu wanjala amayendayenda usiku wonse. Amalimbirana zonyansa ndi agalu anzake, amalumidwa, ndipo chiwewe chimafika pakhomo mwa njira imeneyi, pakuti kachilombo kake kamayenda m'malovu. Pachipatala cha Queen Elizabeth madokotala anaona ana ambiri akumwalira ndi chiwewe, chotero m'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera mumzinda wa Blantyre. Chaka chimenecho agalu oposa 35,000 anabayidwa m'masiku 20 okha. Ntchito imeneyo ndi yotamandika. Komatu katemera saletsa galu kuyendayenda. Chimene chimamukhazika pakhomo ndi mbale ya chakudya.

Tsono galu adye chiyani? Makoko a nsima okha sakwanira, chifukwa thupi la galu limafuna zakudya zambiri zomanga thupi. Zakudya za agalu za m'mapaketi zimene zimagulitsidwa m'masitolo akuluakulu n'zabwino, koma mtengo wake banja la ku Machinjiri kapena la kumudzi silingaufikire, ndipo palibe chifukwa chodandaulira. Phala la mgaiwa kapena la madeya, lopsa bwino, lothiramo mitu ya usipa, fumbi la bonya, ufa wa soya wokazinga kapena zotsala za kubutchala zowiritsa, limakwanira galu wamkulu kawiri patsiku. Madzi oyera asasowe pafupi naye. Banja limene lingathe kudyetsa galu mmodzi yekha lisasunge anayi.

Ana a galu ndiwo amazunzika koposa. Anthu amawachotsa kwa make ali ndi milungu itatu yokha, n'kuwaponyera nsima yozizira, kenaka amadabwa poona kagalu katupa mimba, miyendo ili gwedegwede. Kagalu kayenera kukhala ndi make mpaka milungu 8. Kakakwana milungu itatu kapena inayi kayambe kulawa phala lofewa losakaniza ndi usipa wosinja kapena dzira lowiritsa, kakuyamwabe. Mimba yake ndi yaing'ono pamene thupi likukula msanga, chotero kadye kanayi patsiku mpaka miyezi itatu, katatu mpaka miyezi 6, kenaka kawiri. Mkaka wa ng'ombe, umene ambiri amauyesa chifundo, umatsegula tiagalu tambiri m'mimba. Galu woyamwitsa nayenso amafuna chakudya chowirikiza kawiri kapena katatu.

Pali zina zosayenera kupatsa galu konse. Mafupa a nkhuku ophika amasweka ngati timinga ndi kubaya matumbo. Anyezi ndi adyo amawononga magazi ake. Tsabola salusitsa galu, amangomupweteka. Nyama yofa yokha iyenera kukwiriridwa mozama, ndipo chiwindi kapena mapapo okhala ndi timatuza ta madzi asaponyeredwe galu, chifukwa m'timatuzamo muli mbewu za njoka za m'mimba. Njokazo zikakula mwa galu, mazira ake amatuluka ndi ndowe, ndipo amatha kufika kwa mwana wokwawa pabwalo. Alangizi a ziweto amadziwa mankhwala a njoka oyenera msinkhu wa galu aliyense, ndiponso tsiku la katemera wa chaka ndi chaka.

Mchitidwe wina ndi wovuta kuutchula, koma ulipo: mwana akadzithandiza pabwalo, ena amaitana galu kuti achotse. Galu yemweyo madzulo amanyambita mbale zotsukidwa ndiponso kukamwa kwa mwanayo. Zonyansa za mwana malo ake ndi m'chimbudzi, ndipo galu akhale ndi mbale yakeyake, yosasakaniza ndi za banja.